Chifukwa Chake Miyala Imatsata Kuchikazi

Ananu, mwala mumauona uli duu m'njira n'kumayesa kuti ulibe mbiri. Muukankhe ndi phazi sudandaula, muugendere galu sunena kanthu. Koma ulesi wa pakamwa umenewu ndi wa dzanadzanali. Kalelo, mapiri asanaume bwinobwino, miyala inkalankhula, inkakwatirana, inkachitirana nsanje, ndipo pa miseche inkatiposa tonse tili panofe.

Masiku amenewo pansi pa dziko panali mudzi umodzi waukulu wa pachibale. Eni ake anali amuna anayi a mimba imodzi: Mtovu, Chitsulo, Mkuwa ndi chitsiriza chawo Golide. Lamulo la mudziwo linali lakuti mwamuna akakwatira amatenga mkazi chitengwa, ndipo ana onse obadwa amatchedwa ndi dzina la bambo. Mayi ankangobereka ndi kuyamwitsa, dzina lake silinkamveka paliponse.

Mwa abale anayiwo, wamphamvu anali Chitsulo. Anali wakuda bii, wolimbikira ntchito, wosatopa. Koma pa nkhani ya akazi munthuyu analibe msana. Akangoona mkazi wadutsa, mawa lake mumva kuti watuma ankhoswe. Motero anali ndi mitala ya akazi anayi. Wamkulu anali Namchenga, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ana ake anali osawerengeka. Wachiwiri anali Nampweya, wosakhazikika pakhomo, wobereka ana ofiira psuu. Wachitatu anali Nathovu, amene mukangomulankhula mawu owawasa pang'ono ankayamba kutuluka thovu kukamwa. Wotsiriza anali Nasulufule, ndipo nkhani yathu ndi ya iyeyu.

Nasulufule kwawo kunali ku akasupe a madzi otentha. Anali mkazi wofatsa, waukhondo, wodziwa kusunga pakhomo. Vuto lake linali limodzi, ndipo silinali lochita kufuna: a kwawo onse anali ndi fungo. Mukudziwa dzira limene nkhuku yalitaya m'chisa, lija mumaliswa mwangozi n'kuthawa nonse? Linali fungo limenelo. Akazi anzake anamumangira nyumba kumapeto kwa mudzi, mbali imene mphepo imalowera. Akafika pamtondo, aliyense ankakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya kanthu pamoto. Iye ankaona zonsezo, ndipo zinkamupweteka, koma ankangopirira.

Anakhala zaka zambiri wopanda mwana. Ndiye tsiku limene anazindikira kuti ali ndi pakati, mtima wake unagunda ngati ng'oma. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti abereke mwana amene adzakhale ndi dzina m'mudzimo, wosewera ndi anzake pabwalo, kuti anthu aleke kunena kuti mkazi uja anangobwera kudzanunkhitsa mudzi.

Tsono dzina m'mudzi umenewo silinkabwera chisawawa. Tsiku lotuluka m'chikuta, bambo ankabwera ndi phale la mphika wosweka, n'kukhula chidendene cha khandalo paphalepo. Mzere umene unkatsala paphale ndiwo unkasonyeza magazi a mwanayo. Akauona mzerewo, wokhulayo ankatchula dzina, akazi n'kuimba nthungululu. Mwana wosakhulidwa analibe dzina, analibe malo pabwalo, ndipo akakula palibe banja limene likanamulola ukwati.

Nthawi itakwana, Nasulufule anachira mwana wamwamuna. Mzamba anali Namchenga, poti ndiye anali atazolowera ntchitoyo. Atamusambitsa mwanayo n'kumutukula kuti amuone bwino, anangoti kakasi. Khandalo linali lachikasu, lonyezimira waliwali mpaka kuthobwa m'maso, kamutu kake kamakona anayi.

"Hmm," anatero Namchenga.

"Kwagwanji, akulu? Mwana ali bwino?" anafunsa Nasulufule ali pamphasa.

"Ali bwino, mng'ono wanga. Ali bwino kwambiri. Ine ndangoti hmm."

Ananu, muziwaopa anthu ongoti hmm. Dzuwa lisanafike pamutu, hmm ameneyo anali atafika pamtondo, atadutsa pachitsime, atalowa m'nyumba iliyonse. Pakuti m'mudzi monsemo wonyezimira mwachikasu anali mmodzi yekha, ndiye Golide, mlamu wake wa Nasulufule.

Tsiku lotuluka m'chikuta Chitsulo anabwera m'mawa akuimba, phale lili m'manja. Iye yekha ndiye anali asanamve, monga zimakhalira ndi mwini nkhani. Nasulufule anatuluka atamufunditsa mwanayo nsalu yatsopano, nagwada, navundukula. Dzuwa linawomba pa khandalo, kuwala kwake n'kumumenya Chitsulo kumaso.

Nyimbo inathera pakhosi. Chitsulo anayang'ana mwanayo. Anayang'ana mikono yake yakuda. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana tsidya la bwalo, kumene Golide anakhala pakhonde akudzipukuta ndi kansanza monga mwa masiku onse.

"Bambo, phale lili m'manjamo," anatero Nasulufule. "Mukhuleni mwana."

"Ndikhule chiyani? Maso ndilibe?"

"Maso muli nawo, koma mwambo sunati muyang'ane. Unati mukhule."

"Akakhule mwini wake!" anakuwa Chitsulo. Anaponya phale pansi, phale n'kusweka pakati, iye n'kumapita kunyumba kwa Nampweya osacheukanso.

Nasulufule anatsala chogwada, anthu akumusuzumira m'makonde. Sanalire. Anatola zidutswa ziwiri za phalelo, nabereka mwana wake, nalowa m'nyumba.

Tsopano mumve za Golide. Mnyamatayu anali asanakwatire, ndipo sanagwirepo khasu chibadwire. Anali wofewa thupi moti akakhala pamwala ankadzuka ali ndi chibowo kumbuyo. Ntchito yake inali kudzipukuta ndi kuyembekeza kuti wina amuyamikire. Kunyumba kwa Nasulufule anali asanapondeko n'kamodzi komwe. Akakumana naye panjira ankatseka mphuno n'kulambalala patchire. Koma atamva kuti mudzi wonse ukumutchula pa nkhani ya mwana wokongola, zinamukomera. Kwa nthawi yoyamba anthu ankamuyesa mwamuna wotha kuchita kanthu.

Mkuwa atamufunsa kuti, "Iwe mng'ono wanga, tauza ine, nkhaniyi ndi yoona?" Golide anangomwetulira, akuyang'ana zikhadabo zake.

"Ine sindinena kanthu, achimwene. Komatu mwanayo ndi wokongola, eti?"

Miyezi inapita. Mwana anayamba kukhala, anayamba kukwawa, dzina alibe. Anthu ankangomutchula kuti "uja". Akakwawira kumene kunkasewera ana a Namchenga, amayi awo ankawaitana kuti akadye ngakhale anali atangodya kumene. Tsiku lina Nasulufule anamupeza mwanayo atakhala yekha pakati pa bwalo, akuwombera m'manja ana amene anali atamuthawa. Pamenepo ndi pamene mtima wa mayiyu unatembenuka. Za iye mwini anapirira zaka zonsezo, koma izi sakanazipirira.

Anapita kwa a Mtovu, mkulu wa abale anayi aja, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wake. A Mtovu anali munthu wolemera thupi, wotuwa, wokonda tulo kuposa chilichonse. Anawapeza akuwodzera pansi pa nkhokwe.

"Alamu, ndabwera ndi dandaulo. Muitanitse bwalo."

A Mtovu anatsegula diso limodzi. "Bwalo? Nkhani zimenezi, mlamu, zimafuna kufatsa. Tidzaona mvula ikatha."

"Mvula inatha kale."

"Ndiye tidzaona ikayamba." Diso lija linatsekeka.

Koma a Mtovu anaiwala chinthu chimodzi: mkazi wawo anali mkulu wake wa Nasulufule, wa mimba imodzi, wa fungo limodzi. Mayiyo atamva zimene amuna ake anayankha, sanakangane nawo. Anangodikira kuti alowe m'nyumba kukagona masana, iye n'kulowa pambuyo, n'kutseka chitseko, n'kumata mipata yonse ndi dothi, n'kukhala pafupi ndi mutu wawo akudzikupiza ndi lichero. Sipanapite nthawi, a Mtovu anatuluka akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, akufuula kuti bwalo likhala mawa.

M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana. Amuna anakhala pamipando mbali imodzi, akazi pansi mbali ina, ana ali piringupiringu. Nasulufule anakhala payekha, poti malo omuzungulira ankakhala opanda anthu nthawi zonse. Amene anamuyandikira anali mnzake mmodzi yekha, Namchere, mkazi woyera mbee wa mtima wachifundo. Koma Namchere anali ndi vuto lakelake: akalira, misozi inkamusungunula. Mlandu usanayambe n'komwe anali atayamba kale kusisima.

"Anzanga, lekani kulira," anamunong'oneza Nasulufule. "Mutha mlandu usanathe."

Chitsulo ndiye anayamba. Anaimirira n'kudziguguda pachifuwa, chifuwacho n'kulira ngati belu.

"Abale anga, ine ndine wakuda. Bambo athu anali akuda. Ana anga mukuwadziwa. Tsono mundiuze, kuwala uku kwachokera kuti? Ine ndimapita kumunda m'mamawa, ena amatsala pakhomo akudzipukuta. Sinditchula dzina la munthu."

Maso onse anapita kwa Golide, amene anali atabwera atadzipukuta kawiri.

A Mtovu anayasamula. "Namchenga, inu munali mzamba. Munaona chiyani?"

"Ine, alamu, sindinanene kanthu. Ndinangoti hmm."

"Hmm wakeyo ndiye watisonkhanitsa pano!" anatero mkulu wake wa Nasulufule.

Mawuwo anamuwawasa Nathovu, ngakhale sankanena iye. Anadzuka kuti aikire kumbuyo mkazi mnzake Namchenga, koma thovu linamutsekera pakamwa, moti anangomveka fwaa, anthu n'kumukhazika pansi.

"Golide," anatero a Mtovu, "mwanayu ndi wako?"

Golide anapinda mwendo pa unzake. "Achimwene, nkhani zina munthu wamkulu sazinena pagulu. Ine sindikana, sindivomera. Aliyense ali ndi maso."

Amuna ena anaseka chamumtima. Chitsulo anakukuta mano mpaka anthu anamva. A Mtovu anali atayamba kale kuganiza zotseka mlandu, poti dzuwa linali litayamba kutentha ndipo iwo sankachedwa kufewa. Apo ndi pamene Nasulufule anakwawa ndi mawondo kufika pakati pa bwalo, mwana ali kumsana. Anamasula mfundo ya nsalu yake n'kutulutsa zidutswa ziwiri za phale lija.

"Alamu, ndilankhuleko. Bambo a kunyumba, ndikupemphaninso pamaso pa anthu. Mukhuleni mwana."

"Sindikhula mwana wa wina," anatero Chitsulo akuyang'ana kumbali.

"Chabwino." Nasulufule anatembenukira kwa Golide. "Alamu anga a Golide, inu simukana. Ndiye phale ili. Mukhuleni mwana wanu, mumutche dzina. Mukatero ine ndikatenge mphasa yanga ndi miphika yanga, ndilowe m'nyumba mwanu lero lomwe. Tizikagona chitseko chotseka, poti mwana sachedwa kuzizidwa."

Kumwetulira kwa Golide kunazima. Anayang'ana Nasulufule, anayang'ana kanyumba kake kosesedwa bwino kaja, mphuno yake n'kuyamba kunjenjemera yokha.

"M'nyumba mwanga?"

"Mwanu momwemo. Ndipo amayi anga adzabwera kudzaona mdzukulu. Iwo akabwera amakhala miyezi itatu. Amabwera ndi azakhali."

"Ayi!" Golide anadzuka, mpando n'kugwa. "Ayi, achimwene, imvani! Ine mayiyu sindinamukhudzepo! Ngakhale moni sindinamupatsepo! Ndikamuona ndimadzera patchire, funsani aliyense, minga ili m'miyendomu! Ndingayandikire bwanji ine munthu wonunkha chonchi?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Mkuwa anagwa pampando. Koma Nasulufule sanaseke. Mawu amenewo ankawadziwa kuti amanenedwa kumbali, koma kuwamva pagulu, anthu n'kumaseka, kunamulasa mumtima. Anadikira kuti phokoso lithe.

"Mwamva nonse," anatero. "Uyu wakana, uyu wakana. Mwana wanga akhala wopanda dzina chifukwa amuna awiri akuopa phale? Ndiye ndikhula ndekha."

"Mkazi sakhula mwana!" anakuwa amuna angapo.

Iye sanawamve. Golide anali akadali chiimire pafupi, ndiye anayamba ndi iyeyo. Anamugwira mwendo n'kuukoka, Golide n'kukhala pansi phii, ndipo zala za mayiyo zinasiya maenje m'katumba kake kofewako. Anakhula chidendene paphale. Mzere unatuluka wachikasu.

"A Golide ndi awa. Kunja chikasu, m'kati chikasu. Bambo, bweretsani phazi."

Chitsulo anafuna kukana, koma a Mtovu, amene tulo tinali titawathawa kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho, anamuuza kuti apereke phazilo. Nasulufule anakhula pa chidutswa chachiwiri. Mzere unatuluka wakuda.

Kenako anatsitsa mwana kumsana, namukhazika pamwendo, nagwira kachidendene kake konyezimira. Anali atadikira tsiku limeneli miyezi isanu ndi itatu. Anakhula pambali pa mzere wa Chitsulo. Mwana anaseka poti zinamugirigisha.

Mzere unatuluka wakuda bii.

Phale linayenda m'manja m'manja. Namchenga analiyang'ana nthawi yaitali, koma ulendo uno ngakhale hmm sanamupeze.

"Koma nanga chikasucho?" anafunsa Chitsulo ndi mawu ang'onoang'ono. "Chikasucho chachokera kuti?"

Nasulufule anatambasula mkono wake padzuwa. "Bambo, mwakhala nane zaka khumi ndi ziwiri. Khungu langali ndi lamtundu wanji?"

Chitsulo anayang'ana. Mudzi wonse unayang'ana. Mkonowo unali wachikasu ngati duwa la dzungu. Mkulu wake uja analinso wachikasu. Zaka zonsezo anthu ankamudziwa mayiyu ndi mphuno zokha, panalibe amene anamuyang'anapo.

Manyazi a Chitsulo sanakhalitse, poti anthu amphamvu manyazi sawakhalitsa. Posakhalitsa anali akuseka, akufuula kuti iye ankadziwa kale, ankangofuna kuti anthu aone okha. Anamutsomphola mwanayo n'kumukweza m'mwamba, ndipo mwa chimwemwe anagunditsa mphumi yake pa kamutu kamakona kaja. Kunamveka kuti the! Mbaliwali za moto zinathetheka, imodzi n'kugwera m'ndevu za a Mtovu. Ndipo pambuyo pa motowo panatuluka kafungo kaja, kakang'ono koma kosasokonekera, moti amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo.

"Mwaona? Moto wanga umenewo!" anatero Chitsulo, akupuma ndi pakamwa. "Mwana wanga uyu! Dzina lake akhala Chitsulo Wamng'ono!"

"Bweretsani mwana," anatero Nasulufule.

Anamulandira n'kumubereka kumsana, namanga nsalu mfundo ziwiri. Kenako anafunsa a Mtovu, amene anali akuzimabe ndevu zawo.

"Alamu, mwambo umati amatchula dzina ndani? Bambo, kapena wokhula?"

A Mtovu anakanda mutu. Mwambo unkati wokhula. Panalibe amene anaganizapo kuti wokhulayo angakhale wina osati bambo.

"Umati wokhula," anavomera.

"Ndiye mwanayu ndi Mbaliwali. Mbaliwali wa kwa Sulufule. Ndikupita naye kwathu, kumene fungo lake ndi fungo la aliyense."

"Sizingatheke!" Chitsulo anapondetsa phazi pansi. "Ana ndi a bambo! Chiyambire dziko ana ndi a bambo!"

Apa ndi pamene Namchenga anadzuka. Mayiyu pakamwa pake panali poipa, koma mutu unali wabwino, ndipo manyazi a hmm uja ankamudya. Anakonza nsalu yake n'kuima pamaso pa mwamuna wake.

"Bambo, mwati ana ndi anu. Chabwino. Ana a mudzi uno ndi awa ali apawa. Tasankhani anu."

Chitsulo anayang'ana khamu la ana. Munali ofiira, akuda, oyera, obiriwira, abulawuni, amawangamawanga. Analoza kamtsikana kobiriwira.

"Uyu."

"Ameneyo ndi wanga, achimwene," anatero Mkuwa.

Analoza mnyamata wotuwa wonyezimira.

"Wanga ameneyo," anatero a Mtovu. "Kapena si wanga, mayi?" Mkazi wawo anawatsimikizira kuti ndi wawo.

Chitsulo anatuluka thukuta. Anadutsa mwana wake weniweni, wofiira, wa kwa Nampweya, katatu konse osamuzindikira, mpaka mwanayo anayamba kulira.

"Tsono taonani izi," anatero Namchenga. Anatuma munthu kukathyola ndimu, nalidula, nayamba kudontheza madzi ake pamitu pa ana mmodzimmodzi. Ambiri anangophethira. Koma ena, apa ndi apo, anayamba kuchita thovu fwaa, ndipo kamtsikana kobiriwira ka Mkuwa kaja kanali m'gulu lomwelo pamodzi ndi mwana wabulawuni wa Chitsulo.

"Awa abambo awo ndi osiyana, koma amayi awo ndi a nyumba imodzi, ya kwa Thovu. Awo akuthawa madziwo, oopa kusungunuka, ndi a kwa Mchere. Ofiira ndi akuda ali ukowo ndi a kwa Mpweya. Olimba mutu awa, oti ngakhale muwakande ndi mpeni sakandika, ndi anga ndi a abale anga. Nkhope za ana zimanama, bambo, koma khalidwe amatengera kwa amayi awo. Inu mumangodziwa kuwabereketsa."

Atatero anaitana ana ake, ndipo theka la bwalo linadzuka n'kumutsata. Nathovu anaitana ake. Nampweya anali atanyamuka kale, poti iye sankafuna chifukwa kuti achoke pakhomo. Namchere, amene pofika nthawiyi anali atachepa ngati mwana wa zaka zisanu chifukwa cha kulira, ananyamulidwa ndi ana ake omwe.

Amuna onse anayang'ana kwa a Mtovu kuti aletse zimenezi. Koma a Mtovu anali akuyang'ana mkazi wawo, amene anali atamanga kale mtolo, ataikamo ndi mphasa imene iwo ankagonapo masana.

"Zikhale choncho," anatero a Mtovu. "Ana ndi a kuchikazi. Wofuna ana ake awatsate. Mayi, dikirani, mphasayo ndinyamula ndine."

Dzuwa lisanapendeke, mudzi waukulu uja unasanduka bwinja. Akazi anabalalika m'dziko lonse, aliyense ndi mbumba yake, amuna akutsatira pambuyo atasenza mitondo.

Golide anatsala yekha. Poyamba zinamukomera, poti panalibe womutuma. Koma kunalibenso womuyamikira, ndiye anadzipukuta bwinobwino n'kuyamba kuyendera mabanja kufunsira mbeta. Kwa Mpweya anamuuza kuti safuna mkamwini amene amalola mkazi wa mbale wake kunyozedwa miyezi isanu ndi itatu kuti iye atchuke. Kwa Thovu asanamalize n'kulonjera komwe, apongozi anachita thovu. Kwa Mchenga anangomuuza kuti angathe kugona pakati pa ana, koma mkazi sapatsidwa. Kwa Sulufule sanayerekeze n'komwe kupitako.

Chitsulo anapirira mwezi umodzi. Kenako tsiku lina m'mawa anatulukira ku akasupe otentha, khasu lili paphewa, nagwada kunja kwa mpanda n'kuwomba m'manja. Fungo la mudzi wonse wa apongozi linamulandira, koma sanayerekeze kugwira mphuno. Nasulufule anatuluka, Mbaliwali akuyenda dededede atagwira nsalu ya mayi ake, pambuyo pake pali gulu la ana achikasu amene ankalimbirana kusewera naye.

"Mayi a Mbaliwali, ndabwera. Ndinalakwa."

Nasulufule anamuyang'ana. Ankamukondabe munthuyu, ndi uchitsiru wake womwewo, ndipo zimenezo zinkamukwiyitsa.

"Munda wa amayi uli kuseri kwa kasupe," anatero. "Mukamaliza kulima mubwere mudzamunyamule mwana. Koma dzina lija lisasinthe."

"Silisintha."

"Ndi wa kwa yani?"

Chitsulo anayankha kuti, "Wa kwa Sulufule."

N'chifukwa chake mpaka lero, ananu, anthu ophunzira za miyala akatola mwala safunsa za bambo ake. Amayamba afunsa kuti mayi ake ndani, n'kuuika m'fuko la kuchikazi: uwu ndi wa kwa Mchenga, fuko lalikulu kuposa onse, uwu ukuchita thovu ndi wa kwa Thovu, kumene kumachokera njereza yopaka nyumba, uwu ndi wa kwa Mpweya, uwu wa kwa Mchere, uwu wa kwa Sulufule. Mafuko ena ang'onoang'ono anabadwa pambuyo pake, adzukulu atakwatirana, koma onse amawerengedwa mwa njira yomweyo. Golide ndi anzake ochepa amene sanapeze banja anawapatsa kagulu kawokawo ka osakwatira. Mukamufuna mukamupeza m'mchenga wa mumtsinje ali yekhayekha, akunyezimirabe, osakalamba, osachita dzimbiri, ndipo womutola amathamangira kukamutsekera m'bokosi mmene mulibe womuona.

Mbaliwali yekha ndiye anthu sanaleke kumunamizira. Chaka ndi chaka wina amamufukula m'phiri, n'kuthamanga naye kwa ogula akufuula kuti walemera, ndipo akamubweza amamutaya m'ngalande n'kumutukwana kuti ndi golide wabodza. Mwanayo sananenepo kuti ndi Golide. Koma Chitsulo, amene ali ndi ana m'phiri lililonse ndi m'munda uliwonse wa katondo, mukafufuza m'mabuku a miyala simupeza fuko lotchedwa dzina lake. Mumupeza ali kwa apongozi, akulima.